Atatu mwa Khumi

Swadick anatulukira pakhonde la Asiatu Lachisanu lina m'mawa, kanzu yong'ambika m'khwapa ili m'manja. Asiatu ankasoka zovala kuseri kwa msika wa Mangochi, ndipo anyamata okoma pakamwa anali atatopa nawo kale.

"Ndisokereni msanga, achemwali, nthawi ya swala yayandikira. Koma musafulumire kwambiri, sindinathe kukuyang'anani."

Asiatu anaseka, ndipo kuseka kumeneko n'kumene kunamulowetsa m'mavuto. Swadick ankayendetsa minibasi ya ku Namwera, koma ntchito imene ankaidziwa bwino inali ya pafoni. "Duwa langa, wadya?" "Mwezi wanga, ndidzakukonda mpaka tonse mano adzatithere m'kamwa." Chaka chisanathe ankhoswe anali atakumana, tsiku la nikah, ukwati wa Chisilamu, litadziwika.

Tsiku lina Swadick anabwera ndi mkanda wofiira. Pomuveka, chala chake chinagunda kanthu kolimba pakhosi.

"Ichi n'chiyani?"

Chinali chotupa chaching'ono ngati mtedza, chimene hijabu inkabisa. Kuchipatala anati chili pachithokomiro, n'kumutumiza ku Blantyre. Kumeneko anachibaya ndi kasingano, kutapamo tinthu toti akapime. Anadikira masabata asanu. M'kudikira momwemo chingwe cha mkanda uja chinaduka, ndipo Asiatu anachilumikiza ndi ulusi wobiriwira umene unali pamakina tsikulo.

Zotsatira zitabwera, adokotala, mayi wa magalasi, anamukhazika pansi.

"Sitinganene kuti ndi khansa, sitinganenenso kuti si khansa. Tinthu tija tikuoneka tachilendo pang'ono, koma n'tosakwanira kugamulira mlandu."

"Ndiye munandibaya pachabe?"

"Ayi. Mwa anthu khumi amene zotsatira zawo zimatuluka chonchi, mmodzi, awiri, mwina atatu ndi amene amapezeka ndi khansa. Ena onsewo chimakhala chotupa wamba. Tidzabayanso pakatha miyezi itatu. Zikadzatuluka chimodzimodzi, tidzachotsa theka la chithokomiro n'kulipima lonse. Ndipo ngakhale itakhala khansa, ya pamenepa ambiri amachira."

Asiatu anatuluka atakwiya. Ulendo wonse uja, singano, masabata asanu a nkhawa, yankho n'kukhala "sitikudziwa"? Koma ali m'basi anatambasula zala. Atapinda zitatu, zisanu ndi ziwiri zinatsala chiimire. Mtima unatsikako.

Swadick zala sanafune kuziwerenga.

"Ndiye uli nayo kapena ulibe?"

"Ndakuuza, sakudziwa."

"Dokotala wanji wosadziwa? Akukubisira basi. Amatero akaona kuti zavuta."

"Asanu ndi awiri mwa khumi amakhala alibe, Swadick. Ukundimva, kapena ukungoyang'ana khosi langa?"

Anafotokoza kachiwiri, kachitatu, mpaka kulemba manambala m'kope lake la miyeso. Mwamuna wodziwa kuwerenga anthu m'minibasi yodzaza analephera kuwerenga mpaka khumi. Liwu limene linamulowa m'khutu linali limodzi: khansa.

Kenako anafewetsa mawu. "Duwa langa, ine ndili nawe mpaka mapeto. Nikah tiyambe taimika, upeze kaye bwino. Ndipo mkandawo ndipatse ndikusungire, ungamakukhule pachotupapo."

Asiatu anavula mkanda misozi ikulengeza, akuthokoza Mulungu pomupatsa mwamuna woganiza chotere. Munthu ukakonda, wakuba umamusenzetsa wekha katundu.

Mauthenga sanasiye kubwera. "Ndikukupempherera, mwezi wanga." Amene anasowa ndi mwini wakeyo. Lero minibasi yafa, mawa apolisi, mkuja mayi sakupeza bwino.

Kutatsala masiku anayi kuti akabayitsenso, kunabwera mtsikana wina ndi nsalu yoyera yonyezimira. Anati ndi Hidaya wa ku Namwera, ndipo anzake anamuuza kuti diresi la nikah labwino limasokedwa pakhonde limeneli. Asiatu analowa naye m'kachipinda koyezera.

"Masulani hijabu ndiyeze khosi."

Hidaya anamasula. Pakhosi pake panali mkanda wofiira. Mikanda yofiira ilipo yambiri, Asiatu anadziuza, n'kuzungulira kumbuyo ndi tepi yake. Pamfundo panali ulusi wobiriwira, womanga kawiri, mmene iye amamangira.

"Mkanda wokongola. Anakupatsani ndani?"

"A Swadick, oyendetsa minibasi. Ndi amene akundikwatira," Hidaya anamwetulira. "Munthu wachifundo, achemwali. Amene ankafuna kumukwatira poyamba anapezeka ndi khansa yapakhosi, madokotala anamulephera. Akuti mtsikanayo anawamasula yekha kuti asavutike naye. Akamanena amachita kulira."

Amachita kulira! Madokotala a ku Blantyre ndi makina awo onse anakana kugamula, koma dalaivala wa minibasi anali atamupima, kumupeza ndi matenda, n'kumuika m'manda, mwini wake ali moyo akupalasa makina. Mtima unamupweteka kuposa singano ija, ndipo ukali unaposa kupwetekako.

Asiatu anamasula hijabu yake, n'kugwira dzanja la Hidaya, kuliika pachotupa paja.

"Wolepheredwayo ndine. Madokotala sanandilephere, akupimabe. Sindinamasule munthu aliyense. Ulusi uli kumbuyo kwanuwo ndi wa pamakina ali panjawo."

Hidaya anasuzumira pakhomo, kuona ulusi wobiriwira pamakina. Anakhala pansi. Kenako anayamba kuvula mkanda.

Foni ya Asiatu inalira. "Duwa langa, wadzuka bwanji? Lolemba ndikanakuperekeza ku Blantyre, koma minibasi ili kugaraja. Mtima wanga ukakhala nawe komweko."

Asiatu anajambula mkanda uli m'manja mwa Hidaya, n'kutumiza chithunzicho. Pansi pake analemba: "Za khosi langa adokotala akuti atatu mwa khumi, ndipo Lolemba ndipita ndekha. Zako zotsatira zatuluka lero. Khumi mwa khumi."

Anazimitsa foni, n'kupinda bwinobwino nsalu yoyera ija, kuibwezera mwini wake.