Nthambi Imene Ndinachotsa pa Mphambano ya Kachere

Nkhani iyi sindinachite kuimva kwa munthu, ndipo sindikuinena kuti ndikometse macheza. Inandichitikira ine mwini, Vinsenti, m'nkhalango ya phiri la Ntchisi, kumene ndakhala ndikuperekeza alendo kwa zaka khumi ndi chimodzi. Wokayika akafunse Mayi Magdalena, amene amasesa pamalo odyera alendo m'munsi mwa phiri. Iwo aja ndi a Mvano, bodza amaliopa kuposa njoka. Zina anaona ndi maso awo, zina anamva ndi makutu awo.

Ntchito yathu ndi yosavuta kufotokoza. Anthu amachokera ku Lilongwe, ena kunja kwenikweni, kudzayenda m'nkhalango. Amabwera kudzafuna kutopa. Ife amene tinakula tikukwera phirili kukafuna bowa ndi uchi timangoseka chamumtima, n'kuwanyamulira matenti, kuwalozera anyani a nchima m'mitengo, ndi kuwadikira akamajambula gulugufe ngati aona mngelo. Njira zoyendamo timalambula tokha, ife a komiti ya m'mudzi. Pamwamba pali kabwalo kokhomapo matenti, ndipo kuti ukafike pamenepo umadutsa mphambano zisanu.

Kwathu kuno, ukatsogola pa ulendo wina akukutsatira m'mbuyo, ukafika pa mphambano umathyola nthambi yaiwisi n'kuigoneka chopingasa pa njira imene sukufuna kuti alowe. Timati kutseka njira. Wobwera m'mbuyo akaona masamba aawisi amadziwa kuti uku ayi, n'kulowera kwinako. Mwana aliyense wa kuno amazidziwa asanayambe sukulu. Inenso ndinkazidziwa, ndipo mukumbukire zimenezo.

Agustino anali mnzanga wa paubwana, tinkawetera limodzi mbuzi. Pa ntchito yoperekeza alendo panalibe wosamala ngati iye. Ankawerenga zikhomo za tenti kawiri, ndipo tinkamuseka kuti tsiku lina adzawerenga ndi masamba omwe. Mkazi wake Rakele anamutenga chitengwa kuchokera ku Dzoole, ku Dowa, kwa alimi a fodya, kumene ukaima pa chulu umaona mudzi wachitatu. Nkhalango ankaiopa. Ankati, “Alamu, kwanu kuno mitengo imachita kukuyang'ana.” Koma ankaphika bwino, ndipo ankaseka ndi aliyense.

Mu Juni wa chaka chimenecho kunabwera alendo asanu ofuna kugona pamwamba masiku awiri, ndipo panafunika wowaphikira. Agustino anakonza zoti akaphike ndi mkazi wake. Iye ananyamuka m'mawa ndi alendo ndi matenti. Rakele anayamba wapita kuchigayo, kuti masana atsatire ndi dengu la ufa ndi mapoto. Mwamuna wake anamuuza kuti asade nkhawa, mphambano iliyonse akaipeza yotseka.

Ine za kutsatira kwa Rakele sindinkadziwa. Tsiku limenelo linali langa lolambula njira. Dzulo lake kunaomba chimphepo chimene chinagwetsa zinthambi paliponse, ndipo a Obadiya, apampando a komiti yathu, anali atandiuza kuti njira ikhale ngati bwalo la tchalitchi, popeza alendo ena anadandaulapo. Mphambano zinayi zoyamba ndinazilambalala, chifukwa ndinadulira kanjira ka kuminda. Ndinatulukira pa yachisanu, imene timaitchula kuti pa Kachere. Pamenepo njira ya kumanja imakwera ku matenti. Ya kumanzere ndi ya ofula uchi, imatsetsereka n'kukathera pa thanthwe loterera pamwamba pa phompho.

Pa njira ya kumanzereyo panali nthambi. Ndinaikola ndi nsonga ya chikwanje n'kuiponya kutchire monga ndinachitira ndi zina zonse. Ili m'malere, ndinaona pothyokera pake. Panali poyera, popotokola ndi dzanja la munthu. Mphepo siithyola choncho.

Ndinaima. Kuthyola ina n'kuikapo kukananditengera kanthawi kochepa kuposa kuyatsa fodya. Koma ndinali ndi njala, ndipo ndinati m'mtima, “Ndi za ofula uchi izi. Akutsatira mnzake ndani Lachiwiri lino?” Ndinapitirira.

Cha m'ma thu koloko nkhungu inatsika. Amene sanaione nkhungu ya m'phiri muno sangamvetse: umatambasula dzanja osaona zala. Rakele sanafike ku matenti. Tinamufuna usiku wonse ndi tsiku lotsatira, tikuitana mpaka mawu kusasa. Anapezeka tsiku lachitatu pansi pa phompho. Dengu linali litakodwa pa muzu, ufa utayeretsa thanthwe, mapoto ali mbwee mumtsinje.

Maliro asanaikidwe n'komwe, Agustino anakwera yekha kukaona mphambano zija. Anapeza nthambi zinayi zitafota pamalo pake. Pa Kachere panalibe kanthu. Anabwerako n'kukagwada pamaso pa amalume ake a Rakele, amene anachokera ku Dzoole mitima ili m'mwamba, n'kunena kuti, “Ndinatseka zinayi. Yachisanu ndinaiwala. Mwana wanu ndamupha ndine.” Anamunena mawu oti munthu sangawabwereze, iye ali zyoli.

Ine ndinali pomwepo. Manda ndinakumba nawo, bokosi ndinanyamula nawo. Pakamwa panga sipanatuluke kanthu. Tsiku loyamba anali mantha. Kenaka anali manyazi. Ndinkati ndimuuza akapepukidwa, ndimuuza tikakolola, ndimuuza mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndikunena mosabisa: ndinali wamantha, ndipo ndinalola mnzanga kusenza mtolo wanga.

Agustino anasiya ntchito ndipo sanapondenso m'nkhalango. Komiti inakhoma thabwa pa Kachere, n'kujambula muvi ndi penti wofiira woloza kumanja. Tinati basi zatha.

Mvula yoyamba itagwa, Mayi Magdalena akupita ku bowa anapeza nthambi yaiwisi itagona chopingasa pa njira ya kumanzere. Sanaganizepo kanthu. Mawa lake anapeza ina. Mkuja wake inanso. Tinafunsa ofula uchi, anakana. A Obadiya, amene samva za mizimu, anakwera okha m'mawa wina, n'kuichotsa ndi dzanja lawo. Anapita pamwamba, n'kubwerera pasanathe ola. Anapeza ina, utomoni ukuchuchabe pothyokera. M'matope munali mapazi a nsapato zawo zokha. Anatsika phiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo analamula kuti nthambi ya pa Kachere isamakhudzidwe.

Nkhani siigona m'mudzi. Itamufika Agustino, anangogwedeza mutu n'kunena kuti, “Akundikumbutsa chimene ndinaiwala.” Kuyambira pamenepo anayamba kutha. Chakudya ankangochitola ngati nkhuku yodwala. Kuchipatala anamuyeza zonse, osapeza nthenda. Mlongo wake anabwera kudzamusamala. Ine ndinkamupititsira uchi ndi mbatata, n'kukhala naye pakhonde tikukamba za mpira, ndipo pobwerera ndinkadziona ngati galu wakuba mazira. Ndinkadziwa kuti nthambiyo sikunena za iye.

Zinatha zaka zitatu.

Mu Okutobala wa chaka chachitatu tinalandira aphunzitsi ochokera ku Dowa Boma, amene anabwera kudzapuma kumapeto kwa sabata. Anafuna kukadyera pamwamba, choncho Mayi Magdalena anasenza bokosi la zakumwa n'kukwera nafe. Kunali dzuwa loswa mtengo. Nyenje zinkalira mpaka makutu kuwawa. Potsika, cha m'ma fili koloko, aphunzitsi anatsogola akuimba nyimbo za kusukulu, ife awiri tili m'mbuyo kutola mabotolo amene anataya. Anthu ophunzira, koma botolo kuliika m'thumba n'kosatheka.

Titafika pa Kachere, nyenje zinasiya. Zonse pamodzi.

Kenaka kunazizira. Nkhungu inatuluka m'mitengo, mwezi woti nkhungu kulibe. Nyimbo ya aphunzitsi inamveka kutali, n'kuzimirira. Thabwa la muvi wofiira linali pafupi moti n'kulikhudza, koma sindinalione.

Ndinamva fungo la ufa. Ufa wotentha, wongochoka kumene pachigayo.

Mayi Magdalena anandigwira mkono.

Kumunsi kwa njira kunamveka mapoto akugundana m'dengu. Ngwe. Ngwe. Pang'onopang'ono, monga amayendera munthu wosenza amene sakuona poponda. Anayandikira. Anaima.

Nthambi inathyoka. Masamba anakhwekhwereza pansi.

“Alamu.”

Mawu anali apansipansi, otopa. Ndinawadziwa.

“Alamu, njira ndi iti?”

Ndinati, “Kumanja, mlamu.”

“Kumanja ndinakudziwa mochedwa.”

Madontho ankagwa kuchokera mu kachere.

“Amuna anga aja akuti anaiwala. Kodi anaiwala, alamu?”

“Ayi.”

“Nanga?”

Sanafunsenso china. Munalibe ukali m'mawumo, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka kwambiri. Mapoto anayambanso kulira. Ngwe. Ngwe. Ankalowera kumanzere, kutsetsereka, mpaka osamvekanso.

Nkhungu inachoka monga inabwerera. Nyenje zinayambiranso. Pa njira ya kumanzere panali nthambi yaiwisi. Mayi Magdalena anandiyang'ana nthawi yaitali, misozi ili m'masaya, n'kunena kuti, “Bambo Vinsenti, ine sindikufunsani kanthu. Koma ayi mwayankhayo ali ndi mwini wake. Kamupatseni.”

Sindinadutse kunyumba. Ndinamupeza Agustino atagona pa mphasa pakhonde, dzuwa likupendeka. Anali atatsala mafupa okhaokha. Ndinakhala pansi pafumbi, osati pampando umene mlongo wake anandipatsa, ndipo ndinanena zonse: chimphepo, chikwanje, pothyokera poyera paja, njala yanga, ndi zaka zitatu za kukhala chete. Sanandidule mawu.

Nditatha anafunsa, “Ndinatseka?”

“Unatseka.”

“Pa Kachere?”

“Pa Kachere. Ndinachotsa ndine.”

Anatseka maso. Misozi inatsikira m'makutu. Anati, “Ndiye sindinamutaye. Ndinamuuza kuti ndikatseka zonse, ndipo ndinatseka.” Anabwereza kangapo, osati kwa ine. Kenaka anatembenuka n'kundiyang'ana.

“Unkandibweretsera uchi, Vinsenti.”



“Pita,” anatero Agustino.

Mlongo wake akuti madzulo amenewo anapempha phala n'kumaliza mbale yonse, ndipo anagona tulo tabwino koyamba chichitikire maliro. Koma thupi linali litapita kale patali.

Pakati pa nyumba yanga ndi ya Agustino pali kanjira kodutsa m'munda wa chinangwa, kamene tinakayamba ndife ndi mapazi athu tili anyamata. M'mawa mwake ndinatenga botolo la mkaka kuti ndikamuone, ngakhale andithamangitse. Pamene kanjirako kamapatukira pa msewu panali nthambi itagona chopingasa. Kunja kunali fumbi lokhalokha, mvula isanagwe miyezi isanu. Koma nthambiyo inali yonyowa, ili ndi ndere zotuwa zija zimamera pa mitengo ya pamwamba pa phiri pokha.

Mwina mukuti anaika ndi Agustino. Munthuyo sankatha kuima popanda womugwira, ndipo mlongo wake analumbira pamaso pa abusa kuti sanatuluke m'nyumba. Mayi Magdalena anakwera tsiku lomwelo kukaona pa Kachere. Panalibe nthambi, ndipo chiyambire pamenepo siinaonekenso.

Agustino anamwalira patapita masiku asanu ndi anayi. Ndikanatha kudumpha nthambiyo, mwana wamng'ono akhoza kuidumpha. Ndikanatha kuzungulira kumsewu. Koma wa kuno salowa kumene amutsekera, angazungulire bwanji. Ndinaima tsidya lino ndi khasu m'manja, ndikumva Amvano akuimba, ndipo manda a mnzanga anakumba ndi ena. Ndinalira ngati mwana.

Sindikudziwa amene amaika nthambiyo, kaya ndi mkazi, kaya ndi mwamuna, kaya onse awiri. Alendo ndikuperekezabe, ndipo mphambano iliyonse ndimatseka ngakhale m'mbuyo mulibe wotsatira. M'mawa uliwonse ndikatuluka, pa kanjira kaja pamakhala nthambi yatsopano, yonyowa. Udzu wameramo mpaka m'mawondo. Imeneyo sindiichotsa.