Chitsekerero cha Rebeka

Mpango umene anamumanga nawo m'maso unkanunkha sopo ndi fumbi la choko. Talandira sankaona kanthu, koma ankamva kupuma kwa kalasi yonse ya Fomu 3 kumbuyo kwake, ndi mvula ikuwaza pa malata. Dzanja lake linali m'ndowa.

"Osasankha, mwanangu," anatero a Chikakuda, mphunzitsi wamkulu. "Chimene zala zako zayamba kugwira, utulutse chomwecho."

Chaka chapitacho, chisankho cha aphungu a nyumba ya malamulo ya ophunzira chinathera m'zibakera. Ofuna mipando ankagawa zitumbuwa ndi maswiti nthawi ya buleki, ndipo tsiku lowerenga mavoti mnyamata wina anaguluka dzino. N'chifukwa chake chaka chino a Chikakuda analamula kuti kusakhale kampeni. Aliyense abweretse chitsekerero cha botolo, alembe dzina lake m'kati, aponye m'ndowa. Kalasi iliyonse ipeze phungu wake mwa maere. "Mwana wa aphunzitsi ndi mwana wa tenanti alowa m'ndowa imodzi," anatero pa asembule. Mu Fomu 3, ntchito yotolera zitsekerero ndi kutulutsa dzina inagwera Talandira, poti ndiye ankatsogolera mapemphero a m'mawa, ndipo bambo ake anali mkulu wa mpingo.

Nkhani yoyamba imene aphunguwo anayenera kugamula inali yodziwika kale. Sukulu inali itangomangidwa mpanda wa njerwa wokhala ndi geti lachitsulo. Kodi getilo lizitsekedwa belu likangolira, ochedwa azibwerera kwawo?

Palibe amene funsoli linkamusowetsa mtendere ngati Rebeka, mnzake wapamtima wa Talandira. Rebeka ankachokera kuseri kwa phiri, kutsidya kwa mtsinje. Nthawi ya dzinja ankayamba wadikira kuti madzi aphwe, ndipo ankafika phunziro loyamba lili pakati, nsapato zili kumanja, matope mpaka m'mawondo. Bambo ake anali atamuuziratu kuti tsiku limene adzabwezedwe pageti, asadzapitenso. Azakhali ake ku Kasungu ankafuna wolera mwana.

"Ndikangotuluka m'ndowamo, adzandimva," Rebeka anamuuza Talandira tsiku lina akuchokera ku kwaya. "Ndidzawauza kuti abwere adzawoloke okha mtsinje uja ndi mataye awowo."

"Ndiye chitsekerero uli nacho?"

"Iwe, kwathu zakumwa za m'botolo timaziona pa Khirisimasi, nazonso zili m'manja mwa eni ake."

Onse awiri anaseka, nabwerera kutchalitchi mozemba. Kumeneko anamasula waya wa maseche a kwaya n'kuchotsapo chitsekerero chimodzi, chophwanyidwa ndi mwala, chobowoka pakati.

"Chaphwatalala ngati mwini wake," anatero Rebeka akulemba dzina lake mozungulira kabowoko. Chinsinsi chimenechi ankachidziwa awiriwo basi.

Koma Talandira anali ndi chinsinsi china chimene sanamuuze ngakhale Rebeka. Chinali Obed. Obed ankakhala pafupi ndi sukulu, malaya ake ankakhala ositidwa nthawi zonse, ndipo akamalankhula Chingerezi pa mtsutso, atsikana ankaiwala kutafuna chingamu. Tsiku lina mvula itawapeza pamsika wa Malomo, anamufunditsa Talandira ambulera yake mpaka pamphambano. Sanalankhule zambiri, koma kuyambira pamenepo Talandira ankati akamasoka fodya m'chigafa, ankangoona nkhope ya Obed pa tsamba lililonse.

Maerewo anamukwiyitsa Obed. "Kukanakhala kuvota ndikanawina ndili mtulo," Talandira anamumva akudandaula kwa anzake. "Tsopano tsogolo langa likhale m'ndowa yokolopera?"

Mawu amenewo anamutsatira Talandira mpaka kumunda. Loweruka akuthyola fodya, utomoni wakuda uja unamatirira m'manja mwake monga mwa nthawi zonse. Anaupala ndi chikhadabo, naumba kampira kakang'ono, n'kukakulunga m'tsamba. Lolemba akutolera zitsekerero, anamata utomoniwo m'mphepete mwa cha Obed. Ankadziuza kuti Obed ndi wanzeru, adzayankhulira onse, ndi Rebeka yemwe. Ankalotanso tsiku lina, patapita zaka, atakhala awiri pakhonde, iye akumuululira Obed, Obedyo n'kumugwira dzanja lomwelo.

Tsopano dzanjalo linali m'ndowa. Zitsekerero zinali zozizira. Zala zake zinatseka pa chimodzi. Chinali chaphwatalala. Chala chachikulu chinapeza kabowo pakati.

Akanangokweza dzanja basi. Kumbuyo kwake wina anatsokomola, ndipo Talandira anadziwa kutsokomolako: anali Obed. Anatambasula zala pang'onopang'ono. Chitsekerero cha Rebeka chinagwera pakati pa zinzake osamveka n'komwe. Anapapasa ngati akusakaniza, mpaka china chinamata ku chala chake. Anapukuta utomoniwo ndi chala chachikulu, natulutsa.

"Obed!" anawerenga a Chikakuda.

Kalasi inaphulika. Atamumasula mpango, munthu woyamba kumuona anali Rebeka, akuwomba m'manja ndi nsapato zake zonyowa pansi pa desiki.

"Ndinatsala pang'ono, eti?" Rebeka anamunong'oneza moseka. "Ndinamva fungo lake."

Talandira anasekerera, nayang'ana kumbali.

Aphungu anakumana Lachisanu muholo, ophunzira ena atadzaza m'mawindo. Maere anali atabweretsa anthu amene pa chisankho sakanayerekeza n'komwe kuimika dzanja. Mmodzi anali Roza wa Fomu 1, kamtsikana ka yunifolomu yazigamba. Anaimirira.

"Ife sitichedwa dala," anatero. "Timadzuka nkhuku zisanatsike. Koma mtsinje sumva belu."

Aphungu ena amene ankaseka poyamba anaweramitsa mitu. Pokweza manja, anagawikana pakati ndendende. Anatsala Obed yekha, amene anapempha kuti ayambe walankhula.

Anakonza kolala. Analankhula za mwambo, za mayiko otukuka kumene sitima sidikira munthu, za ulesi umene ukubwezera dziko m'mbuyo. Mawu ake ankatsetsereka bwino ngati kale, ndipo Talandira, ali pawindo, ankadikirabe kuti penapake akhota.

"Wofuna sukulu adzuke msanga," anamaliza motero Obed. "Ndipo musandiyang'ane choncho. Ine sindinagule mpando uno ndi zitumbuwa. Maere sanama."

Anakweza dzanja. Geti lizitsekedwa.

Talandira anamudikira panja, pansi pa mtengo wa bulugamu. "Obed, nanga Rebeka?"

"Rebeka uti?"

"Wa m'kalasi mwathu. Wa kutsidya."

"Aa, wamatope uja? Azilawira." Anamuyang'ana kachiwiri, namwetulira kumwetulira kuja kwa pansi pa ambulera. "Paja ndiwe unatulutsa dzina langa. Uli ndi dzanja lamwayi, Tiyamike."

"Talandira," anatero iye chapansipansi. Koma Obed anali atatembenuka kale, akuitana mtsikana wina, Faines, kuti amudikire.

Sabata yotsatira mvula inagwa usiku wonse kumapiri. M'mawa belu litalira, alonda anakoka geti n'kukoloweka loko. Talandira anakhala pafupi ndi windo, buku lili chitsegulire. Phunziro lili pakati, anamuona Rebeka akutsetsereka phiri chothamanga, nsapato kumanja. Anafika pageti, nagwira zitsulo. Sanagogode, sanakuwe. Anangoima, akuyang'ana mawindo limodzilimodzi ngati akufuna nkhope yodziwika. Talandira anatsitsa mutu. Atadzutsanso maso, pageti panalibe munthu.

Anakaonana Loweruka pa siteji ya Malomo. Rebeka anali atakhala kale m'minibasi ya ku Kasungu, kachikwama ka pulasitiki kali pamiyendo, mpango wa amayi ake uli kumutu. Ankaoneka wamkulu kuposa msinkhu wake.

"Usalire, iwe, anthu aziti ndikupita kumanda," anatero kudzera pawindo. "Maere ndi maere. Suja abusa anati ngakhale atumwi anachita maere? Ndiye kuti Mulungu sanandifune pampando paja. Ndalira, ndatopa, ndavomera."

"Rebeka, si Mulungu..."

"Kasungu! Kasungu mmodzi, tinyamuke!" kondakitala anamenya chitseko, injini n'kubangula.

"Tamvera," Rebeka anatulutsa mutu, akukweza mawu. "Chitsekerero chija ukachifune m'ndowamo, ukabwezere pamaseche. A kwaya angadzati ndinali wakuba. Iwe sangakukayikire."

Minibasi inanyamuka, n'kumuthira Talandira madzi amatope pa siketi. Anaima pomwepo mpaka inazimiririka pokhota. Chitsekererocho chinali kale m'thumba mwake. Anachitola tsiku lomwe lija la maere, ndipo kuyambira pamenepo ankagona nacho pansi pa pilo.

Madzulo ake anakhula manja ndi mchenga ndi sopo mpaka anafiira. Amayi ake anadabwa. "Utomoni unachoka kale, mwanawe. Ukufuna usende khungu?" Talandira anapitiriza kukhula.

Lolemba anafika kusukulu nthawi ikadalipo. Anzake ankalowa akuthamanga, koma iye anaima kunja kwa geti, mabuku ali pachifuwa. Belu linalira.

"Lowa, mwana wa abambo, ndikutseka," anatero alonda.

"Tsekani, agogo."

"Wadwala?"

"Ayi. Ndikudikira anzanga."

Alonda anapukusa mutu, nakoloweka loko. Kudzera m'zitsulo, Talandira anaona Obed akudutsa ndi malaya ake oyera. Obed anamuyang'ana modabwa, ndipo kwa nthawi yoyamba mtima wa Talandira sunadumphe.

Patapita kanthawi, ana a kutsidya anayamba kuoneka paphiri, mmodzimmodzi, nsapato kumanja. Roza anali patsogolo, akupuma mwawefuwefu. Ataona geti lotseka, anatembenuka kuti azibwerera.

"Usapite," anatero Talandira, namugwira mkono. "Khalani pansi nonse. Tikhala pompano mpaka a Chikakuda atuluke. Ndili nawo mawu."

"Mawu anji, achemwali?"

Talandira anatulutsa chitsekerero chaphwatalala chija, nachifumbata mpaka m'mphepete mwake munamucheka. Kutali, chitseko cha ofesi chinatseguka. Ankadziwa kuti ngakhale getilo litatsegulidwa lero lomwe, desiki ya pafupi ndi yake ikhalabe yopanda munthu.