Lenifa ndi Bedi la Pamwamba

Lenifa ankakonda sitima. Ankaikonda zedi. Kwawo kunali ku Alexandria, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, pafupi ndi njanji. Sitima ikamadutsa, Lenifa ankathamangira pawindo.

Lenifa anali ndi khumbo limodzi. Ankafuna kugona m'sitima. Osati pampando ayi. Ankafuna bedi. Bedi lakenso la pamwamba!

Tsiku lina foni inalira. Anali Anti Modesta, mng'ono wa amayi. Iwo ankakhala kutali, ku Chicago.

"Mwana wa Modesta wabadwa!" anakuwa amayi. "Ndi wamkazi!"

Agogo Ackim anawomba m'manja. Agogo Ackim anali bambo a amayi. Anali atabwera kuchokera ku Balaka kudzacheza.

"Ndipita ndine," anatero agogo. "Ndikamutche dzina mdzukulu wanga. Koma ndege ayi! Ndege yandikwana. Makutu anga sanatsegukebe."

"Ndiye mupite pa sitima," anatero amayi. "Sitima yogonamo."

Sitima yogonamo! Lenifa analumpha. Analumphanso.

Amayi ankagwira ntchito kuchipatala. Sakanatha kupita nawo. Choncho anaitana Lenifa.

"Iwe upita ndi agogo," anatero amayi. "Koma tamvera. Bondo la agogo limapweteka. Kukazizira limatupa. Ulisamale bondolo. Asakwere malo ataliatali."

"Oke, Mami," anatero Lenifa.

"Chinanso, ulemu. Agogo akakhala pansi, iwe osawaimirira pamutu. Wamva?"

"Oke, Mami."

"Okeyo ndiye chiyani?" anafunsa agogo. "Lilime lakoli ndi laulesi, iwe!"

Onse anaseka. Zinali zoona ndithu. Lenifa ankamva Chichewa chonse. Koma poyankha, Chingerezi chinkathamanga kutsogolo.

M'mawa wa ulendo kunazizira koopsa. Lenifa anavala jekete. Anavala chipewa. Anavala magolovesi. Agogo anavala majekete awiri ndi chipewa cha amayi chapinki.

"Osandiseka," anatero agogo. "Kuzizira sikudziwa ulemu."

Agogo ananyamula chikwama chobiriwira. M'chikwamamo munali chitenje chatsopano. Chinali choberekera mwana. Chinachokera ku Balaka, kwa agogo aakazi.

Sitima inafika pa siteshoni. Pipiii! Inali yaitali. Inali yowala. Lenifa ndi agogo anakwera. Amayi anawabayibitsa mpaka sitima inakhota.

Gudu-gudu, gudu-gudu!

M'sitimamo anawalandira mayi wina wansangala. Dzina lawo linali a Tasha. Ntchito yawo inali yosamalira apaulendo. A Tasha anawaonetsa chipinda chawo.

Eee, kuchepa kwake! Munali mipando iwiri yoyang'anana. Munali windo lalikulu. Munali kathebulo kopinda. Basi.

"Nanga bedi lili kuti?" anafunsa Lenifa m'Chingerezi.

"Dikira madzulo," anatero a Tasha. "Uona."

A Tasha anatenga chikwama chobiriwira. Anachiika pashelefu ya pamwamba, pafupi ndi denga. Agogo sanakondwe. Anayang'ana chikwama. Anayang'ana chitseko. Anayang'ananso chikwama.

"Kwathu m'sitima munthu sagona," anatero agogo. "Ukangotseka maso, katundu wapita."

Gudu-gudu, gudu-gudu!

Nyumba zinayamba kuchepa. Mapiri anayamba kuoneka. Kenako chipale chofewa chinayamba kugwa. Chinagwa paminda. Chinagwa pamadenga. Paliponse panayera mbee!

Agogo anagunditsa mphuno pawindo.

"Kalanga ine!" anatero. "Akutaya ufa wonsewu ndani?"

Lenifa anaseka mpaka m'mimba munapweteka.

Agogo anatulutsa kamba wa paulendo. Anali mtedza wokazinga. Anadya akuyang'ana panja. Mitengo yonse inalibe masamba.

"Mitengo yakunoyi ndi yomvetsa chisoni," anatero agogo. "Ukadaona mtengo wathu wa mango! Ndili ngati iwe, bambo anga ankakhala pansi pa mtengowo. Ankati, 'Ackim, kwera!' Ine kwerekwere, mpaka pamwamba. Ndinkathyola mango. Iwo ankalandira."

"Simunkagwa?" anafunsa Lenifa.

"Ine? Kugwa? Nthawi imeneyo bondoli linali bondo!"

Gudu-gudu, gudu-gudu!

Dzuwa linalowa. Lenifa ndi agogo anadya chakudya chamadzulo. Kenako a Tasha anagogoda.

"Nthawi ya mabedi!" anatero.

A Tasha anakoka mpando uwu. Anakoka mpando uwo. Mipando inakumana pakati. Bedi!

A Tasha anakoka china chake kudenga. Chinatsika pang'onopang'ono. Bedi linanso!

Bedi la pamwamba! Linali ndi pilo. Linali ndi bulangete. Linalinso ndi kawindo kakekake.

"Mugone bwino," anatero a Tasha. Anatseka chitseko, napita.

Lenifa anavula nsapato msangamsanga. Anaponda pokwerera.

"Iwe!" anatero agogo. "Ukupita kuti?"

Lenifa analoza pamwamba.

"Ha! Mwana agone pamwamba panga? Mapazi ake akhale pamutu panga? Sizitheka zimenezo. Chibadwire sindinazione."

Lenifa anatsika. Anakumbuka mawu a amayi. Agogo akakhala pansi, iwe osawaimirira pamutu.

"Pamwamba ndigona ine," anatero agogo. "Wamkulu ndine. Chikwama changanso chili komweko."

Lenifa anakumbukanso mawu ena a amayi. Ulisamale bondolo. Asakwere malo ataliatali.

"Agogo, ayi!" anatero Lenifa.

Koma agogo Ackim anali amakani. Akanena, anena. Anagwira m'mphepete mwa bedi. Anakweza mwendo. Sitima inagwedezeka.

"Mayo!" anakuwa agogo.

Anakhala pansi, phi! Anagwira bondo ndi manja onse awiri. Nkhope yawo inachita makwinya.

Lenifa anachita mantha. Bondo likatupa, agogo sayenda mawa. Akapanda kuyenda, sakafika kwa mwana. Mwana akamutcha dzina ndani?

"Chabwino," anatero agogo. "Ine sindikwera. Iwenso sukwera. Iwe gona pansipa. Ine ndikhala tsonga pakona mpaka kuche."

"Koma bondo litupa!" anatero Lenifa.

"Litupe," anatero agogo. Anapinda manja.

Lenifa sanalire. Misozi inabwera, koma anaibweza. Amayi anamupatsa ntchito. Ntchitoyo anayenera kuigwira.

Lenifa anaganiza.

"Tigone tonse pansi," anatero.

Anayesa. Agogo anali aatali. Bedi linali laling'ono. Chigongono cha agogo chinalowa m'nthiti mwa Lenifa. Phazi la Lenifa linagunda bondo la agogo.

"Mayo!" anatero agogo.

Sizinatheke.

Lenifa anaganizanso.

"Ine ndigona pansi penipeni," anatero.

Anayesa. Malo ake anali okwana nsapato zokha. Panalinso pozizira ngati mufiriji.

"Dzuka apo!" anatero agogo. "Ukufuna amayi ako andikalipire?"

Sizinathekenso.

Gudu-gudu, gudu-gudu!

Lenifa anayang'ana bedi la pamwamba. Anayang'ana chikwama chobiriwira. Anayang'ana agogo. Agogo anali pansi. Chikwama chinali pamwamba.

Pansi. Pamwamba.

Mtengo wa mango!

Lenifa anagwada. Malo anali ochepa, koma anagwada ndithu. Anaika manja pamodzi. Chingerezi chinafuna kuthamanga kutsogolo. Lenifa anachigwira. Analankhula Chichewa, pang'onopang'ono.

"Agogo," anatero. "Nditumeni."

Agogo anatukula nsidze.

"Ndikutume kuti?"

"Pamwamba. Ndikalondere chikwama."

Agogo anakanda mutu.

"Bambo anu ankakhala pansi," anatero Lenifa. "Inu munkakwera mumtengo. Munali pamutu pawo. Kodi unali mwano?"

"Mwano? Ayi! Anandituma okha."

"Inenso nditumeni."

Agogo anagwira ndevu zawo. Anayang'ana pamwamba. Anayang'ana Lenifa. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Kenako anaseka. Anaseka mpaka misozi.

"Mwana iwe! Wandigwira!" anatero. "Ndipo wandigwira m'Chichewa!"

Agogo anakhala bwinobwino. Anakonza chipewa chapinki. Anatsokomola, kuti mawu amveke aakulu.

"Lenifa!"

"Wawa, agogo!"

"Kwera! Ukandilondere chikwama."

Lenifa kwerekwere, mpaka pamwamba!

Eee, kukoma kwake! Pilo inali yofewa. Bulangete linali lofunda. Denga linali pafupi, moti analigwira ndi chala. Lenifa anakoka lamba wa chikwama. Anamukulunga padzanja lake.

"Chikwama chilipo?" anafunsa agogo.

"Chilipo, agogo!"

"Chitenje chilimo?"

"Chilimo, agogo!"

"Chabwino, mlonda."

Agogo anagona pabedi la pansi. Anawongola mwendo. Anafunditsa bondo ndi jekete.

"Aaa," anatero. "Koma mabedi akunowa!"

Lenifa anasuzumira pakawindo kake. Chipale chinkagwabe. Tinyumba tinkadutsa, nyali zili ngwee. Mtsinje unadutsa. Mlatho unadutsa. Sitima inkamugwedeza pang'onopang'ono, ngati mwana kumsana.

Kenako anamva phokoso. Silinali la sitima ayi.

Khooo! Khooo!

Anali agogo. Agogo omwe aja osagona m'sitima! Mkonono wawo unaposa injini.

Lenifa anamwetulira. Anagwiritsa lamba wa chikwama. Anatseka maso.

Gudu-gudu. Khooo! Gudu-gudu. Khooo!

Kunacha. Kunja kunali minda yoyera, yopanda phiri ndi limodzi lomwe. A Tasha anabweretsa tiyi wotentha.

"Mwagona bwanji?" anafunsa a Tasha.

"Ine sindinagone," anatero agogo. "Ndinangopumitsa maso."

Lenifa anabisa nkhope mupilo. Anaseka chamumtima.

"Mlonda!" anaitana agogo. "Tsitsa katundu."

Lenifa anatsitsa chikwama. Agogo anatambasula manja.

"Landirani, agogo!"

"Ndalandira!"

Agogo anaimirira. Anapinda bondo. Analiwongola. Analipindanso. Bondo silinatupe! Agogo anavina pang'ono, pamalo okwana nsapato paja.

Pipiii! Sitima inafika ku Chicago.

Ankolo Christopher, amuna a Anti Modesta, anali kudikira. Kunja mphepo inali yoluma makutu. Koma agogo anayenda okha, nga nga nga, mpaka pagalimoto.

Kunyumba kunali kofunda. Anti Modesta anatuluka ndi mwana. Anali wamng'ono. Anali ndi tsitsi lambiri. Tizala take tinali ngati timtedza.

Agogo anatsegula chikwama chobiriwira. Anatulutsa chitenje chija.

"Ichi chachokera kwa amayi ako," agogo anauza Anti Modesta. "Chafika bwino chifukwa cha mlonda wanga uyu."

Lenifa anamva kukoma mumtima. Anaimbira amayi foni ya vidiyo, kuti nawonso aone mwanayo.

"Bondo lili bwanji?" anafunsa amayi.

"Lili bwino, amayi," anayankha Lenifa m'Chichewa. "Ndalisamala."

Agogo anakhala pampando. Analandira mwana. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Dzina lake ndi Ellah," anatero agogo.

Anti Modesta analulutira. Amayi analulutira pafoni. Ankolo anawomba m'manja.

Agogo anasangalala kwambiri. Ananyamula Ellah mosamala. Anamukweza m'mwamba. Timapazi ta Ellah tinagunda chipewa chapinki.

"Agogo!" anakuwa Lenifa. "Mwana ali pamutu panu!"

Agogo anayang'ana Ellah. Anayang'ana Lenifa. Anatsinzina diso limodzi.

"Musiye," anatero. "Uyunso ndamutuma!"