Juzi Padzuwa

Dzuwa linkaswa mtengo, koma mtsikana wina sankavula juzi m'kalasi. Anzake anamupatsa dzina loti Najuzi, iye n'kumangoseka nawo, thukuta lili kamukamu. Palibe ankadziwa kuti pansi pa juziyo, paphewa, panali chotupa chachikulu ngati ndimu.

Amayi ake anali atamwalira ndi khansa, ndipo nawonso zinayamba ndi chotupa. Najuzi ankachita mantha kwambiri. Kunena kunkamuopsa, kukhala chete nakonso kunkamuopsa.

Loweruka lina azakhali ake, omwe anali telala, anamuitana kuti amuyeze yunifolomu yatsopano.

"Vula chijuzicho, mwanawe. Ndikuyeza iwe kapena bulangete?"

Anayesa kuzemba, koma azakhaliwo sanali munthu womukanira. Tepi itangofika paphewa, dzanja lawo linaima.

"Chayamba liti chimenechi?"

"Patha miyezi isanu, azakhali."

"Osanena?"

"Ndimaopa kuti akachidula ndifa ngati amayi."

Azakhali, amene ankakalipa ngakhale singano ikangosowa, tsiku limenelo sanakalipe. Anangopinda tepi yawo.

Lolemba azakhali anapita naye kuchipatala, ndipo dokotala anachigwiragwira chotupacho. "Thupi lathu ndi timaselo tating'onoting'ono," anatero. "Nthawi zina timaseloti timachulukana mopanda dongosolo n'kupanga chotupa. Zotupa zina zimangokhala malo amodzi. Za khansa ndi zomwe zimafalikira, koma nazonso zikapezeka msanga timazichotsa kapena kupereka mankhwala. Choopsa si mpeni wathu, mwanangu, koma kuchedwa." Kenako anatengako kachidutswa kuti akakapime.

Masabata awiri odikira zotsatira anakana kutha. Najuzi chakudya sichinkatsika, makoma a chipinda chake ankangokhala ngati akumupanikiza. Chodabwitsa n'chakuti mashini a azakhali nawonso anali zii, nsalu za makasitomala zitaunjikana patebulo.

Tsiku lobwerera, dokotala anamwetulira. "Ndi mafuta chabe, si khansa. Tichichotsa Lachinayi, ubwerera kunyumba tsiku lomwelo."

Najuzi anavula juzi ija pomwepo, misozi ikutsika, mtima utapepuka. Anaimirira kuti azipita, koma azakhali sanadzuke pampando. Ankangopotokola chingwe cha chikwama chawo.

"Adokotala," anatero motsitsa mawu, dzanja lili pabere lakumanzere, "changa chatha chaka. Kodi ndachedwa?"

"Tiyeni tione kaye, mayi," anayankha dokotala uku akuvalanso magolovesi.

Najuzi anakhalanso pansi n'kugwira dzanja la azakhali ake.