Mphini Pansi pa Lilime

Maziko anali atatopa ndi kuyenda wapansi kuchokera ku Chimwankhunda kukagulitsa machaja a foni m'tauni. Tsiku lililonse ankadutsa pa ofesi ya Morris, mnzake wa ku pulayimale, amene anali ndi kampani yosungira anthu ndalama n'kumawapatsa phindu. Akaona galimoto ya Morris, malovu ankamuwawa.

Loweruka lina masana anapita kwa sing'anga wina kuseri kwa msika wa Limbe.

"Ine sindipempha magazi," anatero sing'angayo. "Chizimba changa ndi mbiri ya munthu. Muipitse dzina la munthu wosalakwa, pagulu. Chuma chake chidzakulondolani."

"Basi zomwezo?"

"Zomwezo. Koma lilime likalawa, limafunanso. Mudzalidyetsa?"

"Ndidzalidyetsa, bambo."

Sing'angayo anamutema mphini pansi pa lilime.

Maziko analemba pa Fesibuku kuti kampani ya Morris ndi ya akuba, ikudya ndalama za anthu. Anthu anathamangira kukachotsa zawo, ofesi inatsekedwa. Malonda a Maziko anayamba kuyenda modabwitsa. Anatsegula shopu, kenaka anasamukira ku Namiwawa.

Koma pansi pa lilime pankayabwa, ndipo sipankasiya mpaka atanenera munthu zakuba. Ananenera wogulitsa mnzake, kenaka mlonda wake. Mkazi wake Salome anangoti, "Bambo a kunyumba, ine ndatopa kupepesa anthu."

Morris anakasuma mlandu woipitsa mbiri. Kukhoti, akadaulo owerengera ndalama anaonetsa kuti palibe ndalama ya munthu inasowa. Woweruza anafunsa, "A Maziko, umboni wanu uli kuti?"

Iye ankafuna kupepesa, koma pakamwa panatuluka zina. "Inunso ndinu wakuba!" Analoza loya wake, analoza Salome. "Akuba nonse!"

Anagona m'chitokosi chifukwa chonyoza khoti. Chipukuta misozi chimene analamulidwa chinaposa zonse anali nazo, ndipo masherifu anatenga shopu, galimoto ndi mipando yomwe. Salome anabwerera kwawo. Maziko atabwerera kwa sing'anga uja, sing'angayo anangomuuza kuti, "Mayina akunja akatha, lilime limadya la mwini wake."

Lero Maziko amazungulira pa depoti ya Limbe wopanda nsapato, akukuwira aliyense wodutsa kuti wakuba. Palibe amene amacheuka, ngakhale oitanira minibasi anasiya kumuseka.

Dyera silikhuta, abale. Wofuna kulemera pophwanya dzina la mnzake amatsala wopanda chuma, wopandanso dzina.