Sitima Yobwerera ku Luchenza

Patatha milungu isanu chiikireni mwamuna wake m'manda, Fyness anamva sitima ikulira kudenga.

Inali faifi koloko madzulo, mwezi wa Disembala, nthawi imene ku Leicester mdima umakhala utagwira kale. Anali atangofika kuchokera ku shifiti, jekete asanavule. Kulirako kunamveka kawiri, chapansipansi, kenako kunatsatira kaphokoso ka timawilo tikugogoda polumikizana njanji.

Malemu Raphael anakulira pafupi ndi siteshoni ya Luchenza, ndipo atapuma pantchito anayala njanji ya tisitima tating'ono m'kachipinda ka kudenga kwa nyumba yawo ku Beaumont Leys. Panali mlatho, mitengo ya siponji, ndi kasiteshoni kamene analembapo ndi dzanja lake kuti Luchenza. Injini imene ankaikonda inali yobiriwira, yotalika ngati chikhatho. Chimwalirireni mwini wake, injiniyo inakana kuyenda. Fyness ankalemba pa kontirola nambala imene Raphael anamuphunzitsa, 1989, chaka cha ukwati wawo, n'kupotokola kagudumu ka liwiro. Injini ili duu. Anapukuta njanji ndi sipiriti, anakanikiza mapulagi onse, koma osasuntha. Kontirolayo anangoisiya yoyaka, monga ankachitira malemu.

Tsopano atakwera makwerero anaipeza ikuyenda yokha mumdima, kanyali kake kakuwala, ikubwerera cham'mbuyo. Inazungulira pang'onopang'ono n'kukaima pa Luchenza.

Gracian, mng'ono wake wa malemu, amene ankakhala m'nyumba momwemo, anali ataima pansi pa makwerero, manja ali m'matumba.

"Mwaona, alamu?" ananong'ona. "Cham'mbuyo. Achimwene akufuna kumudzi. Ife tinanena."

Nkhani ya maliro inali isanazizire. Abale ankafuna thupi lipite ku Thyolo, koma Fyness anamuika konkuno, kuti azitha kukwera basi Lamulungu lililonse kukaona manda. Tsiku la maliro Gracian sanamupatse moni.

Mawa lake, faifi koloko itakwana, sitima inaliranso. Mkuja wakenso chimodzimodzi. Pofika Lamulungu nkhani inali itafika kutchalitchi. Ena ankati kudengako kumamveka munthu akutsokomola, ena ankati galasi la pawindo limachita nthunzi ngati wina akupumirapo. Amayi amene ankabwera kudzapemphera naye anayamba kutanganidwa.

"Nyumba ino simungakhalemo, alamu," Gracian ankatero madzulo alionse. "Pitani kumudzi mukapepese. Makiyi mundisiyire, ine ndiziyang'anira."

Zimene Gracian sankadziwa n'zoti Fyness sankachita mantha. Anasinthana mashifiti ndi mnzake kuti faifi koloko izimupeza pakhomo. Ankakwera ndi makapu awiri a tiyi, n'kukhala pa kampando ka malemu osayatsa getsi. Kanyali kakayaka, iye ankayamba kulankhula. Anaiuza injiniyo za boila yotenthetsera m'nyumba imene yayamba kuvuta. Anaiuzanso zimene sanauzepo munthu, zoti pamene Raphael ankatsirizika kuchipatala, iye anali atatsikira pansi kukagula tiyi wa m'makina.

"Ngati mwakwiya, bambo, kwiyani," ankatero. "Bola mwabwera."

Tsiku lachisanu ndi chinayi injini inanyamuka monjenjemera, kanyali kakuphethira, n'kukaima pakati pa mlatho ikung'ung'udza. Pa Luchenza sinafike. Fyness anagwidwa ndi mantha kwa nthawi yoyamba, ndipo anaimbira a Moosa a ku Spinney Hill, mnzake wa Raphael wa ku kalabu ya tisitima, mmwenye wobadwira ku Limbe amene Chichewa sanachiiwale.

Anabwera Loweruka masana ndi kabokosi ka zida. Anayamba ndi kuyeza njanji ndi mita.

"Magetsi alipo, mayi, okwanira."

Anaitembenuza injini chagada. Timawilo tinali ndi litsiro lakuda, lolimba ngati phula. Analichotsa ndi kathonje.

"Chaiimitsa n'chimenechi. Moto umalowera m'mawilomu. Raphael akanaona izi akananditukwana m'zilankhulo zitatu."

Anaibwezera panjanji, analemba 1989, anapotokola kagudumu. Duu. A Moosa anakweza magalasi pamphumi.

"Mkati mwakemu muli kachipu," anafotokoza. "Injini iliyonse ili ndi nambala yake ngati foni. Ukaimba nambala ya wina, siyankha."

Anaiika pa kanjanji kapadera kowerengera kachipuko. Pagalasi panatuluka manambala anayi: 0311. Fyness anawadziwa. Raphael anamwalira pa 3 Novembala.

"Yokha singadzisinthe," a Moosa anatero chapansipansi. Anadina mabatani ena. "Mayi, kontirola iyi imalumikizana ndi wayifayi ya m'nyumba. Munthu atha kuyendetsa sitima ndi foni ali pansi, ngakhale ali pamsewu panjapo. Pano pakuoneka foni imodzi."

Anamutembenuzira kagalasi. Dzina la foniyo linali la Gracian.

Anamupeza kukhitchini akudya. Sanakane, ndipo supuni sanaiike pansi.

"Munawaika m'dothi la eni ngati munthu wopanda kwawo," anatero. "Ndimafuna mumveko kuwawa. Koma inu, alamu! Makapu awiri? Ndinkamva zonse pamakwereropo. Ndi ya tiyi wa m'makina yomwe."

A Moosa ndi amene anamutsegulira chitseko, ndipo anaima pomwepo mpaka Gracian anatulutsa zikwama zake. A Moosa asanapite anabwezera nambala yakale. Fyness analemba 1989, ndipo injini inanyamuka bwinobwino, chakutsogolo, osanjenjemera.

"Yachira," a Moosa anatero. "Muzipukuta njanji kamodzi pamlungu, basi."

Lolemba, faifi koloko isanakwane, Fyness anakwera ndi makapu awiri. Mvula inkawaza pamatailosi pamwamba pa mutu wake. Pamsewu panadutsa basi, kuwala kwake kunayenda pakhoma n'kuzimirira. Faifi inakwana. Inapitirira. Injini inali pa Luchenza, kanyali kali chizimire. Kontirola inali pafupi ndi bondo lake, koma sanaikhudze.

Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu tiyi atazizira, anatenga foni.

"Mukufuna chiyani?" anafunsa Gracian.

"A Moosa anati zimatheka munthu ali pamsewu," Fyness anatero. "Nambala ndi 1989. Simukuyenera kulowa, alamu. Mungoima panja faifi koloko. Kamodzi kokha."

Kunamveka kupuma, kenako kaphwete kakafupi.

"Akufa sayendetsa sitima, alamu," anatero Gracian, n'kudula.