Magazi a Sisitere

"Yasamani, agogo. Yasamani ndithu, mano atsalawo sindikuberani."

Wolankhulayo sanali munthu. Anali Dimba, makina a pachipatala china chaching'ono m'mapiri a ku Dedza, m'chaka cha 2089. Msinkhu ngati nkhokwe, mkono umodzi wowonda ngati wa chiswamphika, mawu aulemu ngati mkamwini wongofika kumene pamudzi.

Ntchito yake inali kulima tizilombo, n'chifukwa chake anthu anamutcha Dimba. Ukabwera ndi zilonda zapakhosi, mkono uja unkakupukuta kummero ndi kathonje, n'kukabzala zimene wakolazo pa kambale ka phala la magazi, lofiira, lonjenjemera. Kale anthu ankadikira mawa lake kuti tizilombo timere. Kwa Dimba tinkamera tiyi wako asanapole. Timene ankatisaka kwambiri madokotala amati sitelepu, koma anthu ankangoti ta mkanda, chifukwa timalumikizana ngati mikanda ya m'chiuno. Timeneti tikamera timadya kufiira kwa phala lija n'kusiya mphete yoyera mbee. Mphete ikaoneka, kabati ya penisilini inkatseguka yokha, kweee. Ikapanda kuoneka, kaya ugubuduke, kaya ubwere ndi abusa, kabati inali gwa. Lamulo linali lotero chifukwa makolo akale anabubuda makapusozi ngati mtedza mpaka tizilombo tambiri tinaleka kuwaopa.

Masiku amenewo makina ankapanga chilichonse, nyama, mazira, ngakhale mano a agogo aja akanafuna. Koma ta mkanda tinali tamatama. Magazi ochita kupanga tinkangowanunkhiza n'kutembenuka. Tinkafuna enieni, a nkhosa. Tsono kuseri kwa chipatala, pafupi ndi bwalo la tindege topanda oyendetsa, kunali khola, ndipo m'kholamo munali Sisitere.

Inali nkhosa yaikazi yoyera, yoyenda chowerama ngati ikupempherera dziko lonse. Dimba ankaitapa magazi pang'ono nthawi ndi nthawi. Woiweta anali Gelesomu, bambo wamasiye wa mwana mmodzi, Taonere, wa Sitandade 4. Nkhosayo anailera ndi botolo malemu mkazi wake, ndiye kwa Gelesomu sinali chiweto. Anali m'bale.

"Ababa," Taonere ankatero, "pakati pa ine ndi Sisitere, mwana wanu weniweni ndani?"

"Iwe umadya dzira, mnzako amadya madeya. Ukudandaulanji?"

"Koma bulangete labwino lija mwafunditsa iye."

"Iye ali pantchito ya boma. Iwe uli pantchito yanji?"

Chisanu cha Juni chitafika, chija cholowa mpaka m'mafupa a mpando, Sisitere anayamba kutsokomola. Malamulo a chipatala ankati nkhosa yodwala ichotsedwe, pabwere ina. Gelesomu ankadziwa kumene kuchotsedwako kumathera, pa chiwaya m'mbali mwa msewu, ndi mchere ndi tsabola. Sanauze munthu. Anakwera njinga kupita kumsika wa kumalire, kumene mankhwala a ziweto ankagulitsidwabe kunsi kwa benchi.

"Awa ofiira uku akuda uku, mdala," anatero wogulitsa, "amadzutsa ngakhale nkhuku imene mwaisosola kale."

Gelesomu anachita zimene agogo ake ankachita ndi nkhuku nthawi ya chitopa. Ankang'amba kapusozi, n'kuwaza ufa wake m'madeya. Chifuwa chinatha. Iye sanaleke. Anati nkhosa ikhwime, chisanu chikadalipo.

Kuyambira pamenepo mphete inasowa pa timbale. Wobwera aliyense ankamva nyimbo imodzi: "Mulibe kanthu. Kamweni madzi ofunda." Akuluakulu anabwera pa kandege kowala, anavina, anaombera Dimba m'manja, nati matenda a mkanda atheratu kumapiri kuno. Mmodzi anayesa kumugwira chanza, mkono uja unamupukuta kummero.

Sabata yomweyo Taonere anakana dzira.

"Malovu akukhala ngati minga, ababa."

Gelesomu anamubereka mpaka kwa Dimba. Amene ankayang'anira makinawo anali Mayi Nagama, ndipo anasuzumira okha m'kamwa mwa mwanayo. Kummero kunali psuu, ndi timadontho toyera. Nkhope yawo inasintha.

Kambale kanatuluka kofiira bwinobwino, kopanda mphete.

"Dimba, tayesanso," anatero Mayi Nagama.

Anayesanso. Chimodzimodzi.

"Mulibe kanthu, mayi. Kambale sikanama."

Mayi Nagama anagwira chitseko cha kabati, anachikoka pang'ono, kenaka anachisiya. "Mwina ndi chimfine chabe, a Gelesomu. Muzimupatsa madzi ofunda a mchere azichukucha."

Pakhosi panapoladi pokha. Taonere anabwerera kusukulu, anayambanso kukangana ndi nkhosa za bulangete. Koma mwezi usanathe bondo linatupa. Litaphwa, chinatupa chigongono. Ululu unkasamuka m'thupi ngati mlendi wosakhazikika. Kenaka anayamba kupuma mwabefu pongochoka pakhonde kufika pakhola, ndipo ankagona chokhala, atatsamira khoma.

Mayi Nagama anamumvetsera pachifuwa nthawi yaitali.

"Ndi mtima, a Gelesomu. Ta mkanda tikakhalitsa osapatsidwa mankhwala, thupi limatisaka mpaka kusokonezeka, n'kuyamba kuluma zitseko za mtima wake womwe."

"Nanga si Dimba anati mulibe?"

Mayi Nagama anatsegula firiji yakale imene panalibe anaitsegula chibwerere Dimba, natulutsa kabotolo ka tizilombo ta mkanda tosungidwa. Anatibzala okha pa kambale ndi dzanja lawo. Anadikira. Phala linangokhala phee, lofiira ngati phwetekere.

"Dimba, tizilombo tomwe ndabzala ndi manja angawa tili kuti?"

Makina anang'ung'udza kanthawi. "Tafa, mayi. M'phalali muli mankhwala."

"Bwanji sunanene?"

"Anandiphunzitsa kufunsa wodwala zimene wamwa. Za nkhosa sanandiuze."

Mayi Nagama anatembenuka pang'onopang'ono. "A Gelesomu, Sisitere amadya chiyani?"

Gelesomu anawongola khosi, chifukwa pa nkhani imeneyi ankadzidalira. "Madeya, udzu wa kudambo, mchere pang'ono. Ndi tamphamvu tam'mawa." Anapisa m'thumba la jekete natulutsa makapusozi odzaza dzanja. "Paja inatsala pang'ono kufa. Panopa taioneni, ikhoza kukoka ngolo."

Anaseka yekha. Mayi Nagama anali atakhala pansi, pasimenti penipeni. Gelesomu anawayang'ana, anayang'ana kambale, anayang'ana mwana wake pabenchi, mapewa akukwera ndi kutsika. Kuseka kuja kunauma. Makapusozi anayoyoka m'dzanja, nagubuduka mpaka kunsi kwa kabati.

Tsopano kabati anaitsegula ndi chilolezo cha kulikulu, koma jakisoni anapeza moto utadutsa kale. Anaitana kandege koti katengere Taonere kumzinda, kumene makina ankaumba zitseko za mtima zatsopano. Kanali ndi malo a wodwala yekha. Akumumanga malamba, mwanayo anakoka malaya a bambo ake.

"Ababa, musamumenye Sisitere."

"Sindimumenya, mayi wanga."

"Bulangete lija mumusiyire. Koma ndikabwera ndi langa."

Kandege kanabwerako mawa lake masana, kakuuluka motsika, kopanda kulira kwake kwa changu. Amayi amene anali pamzere anangokaona, nayamba kumasula zitenje kuphimba kumaso.

Pamaliro anthu anachuluka, ndiwo zinachepa. Amalume ake a Taonere anabwera kukhola mpeni uli m'manja.

"Alamu, nawu mpeni. Yatidyera mwana, nafe tiidye."

"Nkhosa ina siibwera mpaka mvula," anatero Mayi Nagama chapansipansi. "Mankhwala akatha m'magazi mwake tiyifuna. Ana onse amene tinawabweza chisanu chino ayenera kuyezedwanso."

"Mayi, inu musalankhule," anatero amalume aja. "Makina anu omwewo."

Mayi Nagama anaweramitsa mutu. Gelesomu analandira mpeni uja. Analowa m'khola. Sisitere anabwera kudzanunkhiza thumba la jekete, monga mwa masiku onse. Gelesomu anaima pamenepo mpaka nyimbo ya kusiwa inatha, ina n'kuyamba. Kenaka anatuluka, natsikira kudambo, nayamba kumweta udzu ndi mpeni womwewo.

Magazi a Sisitere atayera, woyamba kuyasama anali Ndaziona, amene ankakhala desiki limodzi ndi Taonere. Tiyi asanapole, pa kambale panaoneka mphete yoyera mbee. Gelesomu anali kukhola akukutumula bulangete pamene anamva kabati ikutseguka, kweee. Analipinda bwinobwino, nafunditsa nkhosa, ngakhale dzuwa linali litatentha kale.

Lero Dimba aliyense m'dziko muno, asanatape magazi, amayamba wafunsa woweta kuti, "Nkhosayi yamwa chiyani?" Ndi funso laling'ono, loti ngakhale mwana akhoza kufunsa, koma amene anaphunzitsa makina funso limeneli agona kuseri kwa phiri, Sitandade 4 asanamalize.